Timawu Titatu pa Kalata ya Achemwali Anga

Dalitso, ika pansi kafoni kako. Magetsi azima kuyambira m'mawa, ndipo ukapitiriza kukatosatosa kathima, kenaka uyamba kulira ngati wafedwa. Taonga, sendera kuno, mvula ikuwazira mbali imeneyo ya khonde. Bwera nalo buku lakolo. Unandifunsa ngati timati "he have" kapena "he has", ndipo ndinakuyankha msanga, pakuti funso limenelo ndaliyankha kwa zaka zambiri kuposa zimene amayi ako akhala ndi moyo. Koma utafika pa mzere wachiwiri uja, wofuna kuti usankhe pakati pa "my" ndi "our", unandiona ndangoti zii, n'kuyamba kuseka kuti agogo ayamba kuiwala. Sindinaiwale, mdzukulu wanga. Ndikanaiwala bwenzi ndikugona bwino.

Khalani pansi nonse, ana inu. Mvula imeneyi sikata msanga, ndipo amayi anu sabwera kudzakutengani mpaka chaka chatsopano chitalowa. Pali nkhani imene amayi anuwo amaidziwa theka. Amalume anu aMphatso amaidziwa yonse, koma sangainene. Ndiye ndiinene ine, mano akadalipo angapo m'kamwamu.

Chizungu ine sindinachiyamwe ngati inu a ku Lusaka, amene mumalota m'Chizungu n'kudzuka mukupempha tiyi m'Chizungu. Ndinachitola mochedwa, ndili wa miyendo yotuwa, pa kasukulu kena ka mishoni cha uko ku Tamanda. Tinalibe makope. Tinali ndi masileti, timatabwa takuda tolembapo ndi kamwala, ndipo chofufutira chinali malovu ndi chigongono. Sileti ikadzaza unkafufuta zoyamba zija kuti upeze malo, ndiye kope lenileni unali mutu wako. Inu lero mukaiwala kanthu mumafunsa foni. Ife tikaiwala tinkafunsa mnzathu panjira, naye n'kutinamiza mosadziwa.

Aphunzitsi athu anali aZimba, bambo wamtali wa shati imodzi yoyera, imene sindinaionepo yakuda ngakhale tsiku limodzi. Ankatiimbitsa Chizungu ngati nyimbo ya ku tchalitchi: "I have, you have, he has, she has, we have, they have." Ankati ka "s" kaja n'kachisoso, kamamatirira pa zovala za anthu awiri okha, "he" ndi "she", ena onse amadutsa m'tchiremo osamatidwa. Taonga, ukagwira zimenezo sudzafunsanso.

Chimene chinkatisautsa ife chinali "he" ndi "she" yemweyo. Kwathu kuno munthu ndi munthu, timangoti iye, akhale wa ndevu akhale wa chitenje. Tsiku lina aZimba anandiimiritsa kuti ndinene za banja lathu. Ndinakweza chifuwa n'kunena kuti, "My father, she is dead." Kalasi yonse inagwa ndi phwete. AZimba okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kunena kuti, "Yotamu, pepa kuti atate ako anamwalira. Koma ngakhale kumanda akadali 'he'." Kuyambira tsiku limenelo sindinalakwitsenso.

Anatiphunzitsanso za timawu ta umwini. Ankati, "Onani, ana inu. Kwa ife kamawu kamatsata chinthu: munda wake, khasu lake, nyumba yake. Kwa mzungu kamatsata mwini: akakhala mwamuna ndi 'his', akakhala mkazi ndi 'her'. Mzungu amafuna adziwe mwini asanachione n'komwe chinthucho." Ndipo ankatichenjeza za "athu". Ife timati amayi athu ngakhale uli wekha kubadwa, timati kwathu ngakhale ukugona wekha m'nyumbamo. Iwo ankati ukanena "our mother" kwa mzungu, acheuka kufunafuna anzako. Uziti "my mother", "my home". Zinali zoona, ana inu, sanatinamize. Anali mphunzitsi wabwino. Zimene ndinadzachita nazo pambuyo pake n'zanga ndekha.

Tsono sukulu imeneyo ndinaipita bwanji, mwana wopanda bambo, amayi akudwaladwala chifuwa? Ndinaipita pa msana wa achemwali anga, aDailesi. Inu simunawaone bwino. Taonga unali wakhanda pamene anabwera pano komaliza, Dalitso unali usanabadwe. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya kanthu pamoto. Iwo ndiwo anali ndi mutu kuposa ine, ndikunena poyera. Koma masiku amenewo pakakhala mwayi wa mwana mmodzi, unkapita kwa mnyamata. Iwo anasiya sukulu asanamalize n'komwe kuwerenga bwino, natenga khasu.

Kwathu kunali ku Madzimoyo, ndipo ku Tamanda ndinkakhala kwa wachibale wa malemu atate. Inu ulendo umenewo mukhoza kuuyenda pa galimoto mukudya mabisiketi, n'kumadandaula kuti mipando ikuwawa. Achemwali ankauyenda wapansi masiku awiri, kugona pa Boma pano pa Chipata, dengu lili pamutu. M'dengumo munkakhala mtedza wokazinga, chiponde cha mu mtondo chokulunga m'masamba a nthochi, mbatata zofutsa, nthawi zina mbewa zouma zingapo. Musakwinye nkhope, Dalitso, iwe umadya masoseji osadziwa kuti muli chiyani. Akafika ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa kalasi, mapazi ali ng'aling'ali, n'kundiitana.

"Iwe Yotamu, tandiuze, lero mwaphunzira zotani?"

Ine n'kuyamba kuwaimbira "I have, you have". Iwo ankayeserera, kenaka n'kuloza ine kwa anzanga monyada: "My brother, she is clever." Ndikawakonza kuti ndi "he", ankaseka mpaka misozi. "Aa, choka iwe! Azunguwo alibe ntchito eti, mpaka kumasankhula mawu ngati nyemba?"

Zaka zinapita. Ndinamaliza sukulu, ndinapita ku koleji, ndinakhala mphunzitsi wa Chizungu, n'kudzakhazikika muno m'Chipata. Ndinagula njinga yakuda ya belu, ndinakwatira malemu agogo anu aakazi, ndinayamba kuvala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Amayi anamwalira ine ndili chaka chachiwiri pa ntchito. Munda umene anasiya, wotsetserekera ku dambo, anapitiriza kuulima achemwali ndi amuna awo aSakala. Anazula zitsa, anakumba ngalande, anadzala mango m'malire. ASakala nawo anadzamwalira, kuwasiya ndi mwana mmodzi wamkazi, Enelesi. Achemwali sanakwatiwenso. Anakhala pa mundapo, ndipo chaka chilichonse akakolola, thumba la mtedza linkafika pa khomo panga. Amayi anu anakula ndi nsinjiro za m'munda umenewo.

Ine m'mundamo ndinkapita pa holide, kukaimirira m'mphepete nditapisa manja m'matumba, n'kumanena kuti chimanga chachita bwino chaka chino.

Ndiye kunabwera nkhani yoti a m'dera lathu lija, loyandikana ndi mafamu, akhoza kutenga mapepala a malo. Anthu anachita mantha kuti wopanda pepala adzalandidwa. Tsiku lina Loweruka m'mawa achemwali anatulukira, atamanga fomu pa nsonga ya chitenje kuti isanyowe. Fomuyo inali ya Chizungu, ndipo inkafuna kalata yofotokoza kuti malowo unawapeza bwanji.

"Iwe Yotamu, ntchito yako ija yafika," anatero. "Chizungu chija ndinkakusenzera mtedza, lero chindigwirire ntchito."

Ndinali nditabwereka makina otayipira a ku sukulu. Inu simunawaone. Chinali chichitsulo cholemera ngati mwana wa mbuzi, chokhala ndi lamba wa inki, ndipo ukafika kumapeto kwa mzere chinkalira kabelu. Ukafuna makope awiri unkaika pakati kapepala kakuda ka kaboni, kamene kankasiya zala zako zili bii. Ukalakwitsa panalibe zofufuta ndi chala ngati pa foni panupo. Unkayambanso.

Achemwali anakhala pa mphasa pafupi ndi tebulo, nanena mawu awo pang'onopang'ono ngati akupemphera: "Ulembe kuti ife talima munda wathu chimwalirire amayi athu." Ine ndinatayipa: "We have cultivated our land since our mother died." Ndinawonjeza zina zofunika, n'kusiya malo a maina awiri pansi.

Lolemba ndinapita nayo ku ofesi ndekha, achemwali atatsala pa nyumba kuthandiza agogo anu kusenda mtedza. Kalaliki amene ndinamupeza anali munthu amene ndinamuphunzitsapo kale, tsopano ali bambo wa mimba yake. Anandipatsa mpando mwaulemu, nawerenga kalatayo, n'kugwedeza mutu.

"Aphunzitsi, 'we' ameneyu ndani?"

"Ine ndi mlongo wanga."

"Onani fomuyi. Mzere wa dzina ndi umodzi. Za anthu awiri zili ndi njira yake, koma ndi yaitali, mudzatopa nayo. Ndikuuzeni ngati mwana wanu, dzina la munthu wa pa ntchito ngati inu limayenda msanga. La mayi wamasiye wosadziwa kusaina likhoza kugona m'kabati muno mpaka chiswe chilidye. Ingolembani lanu. Si ndinu amodzi?"

Sindikumuimba mlandu munthu uja. Iye ananena maganizo ake, ine ndinali ndi anga. Ndikanatha kunena kuti ngati mzere uli umodzi, palembedwe Dailesi, ligone m'kabatimo mpaka lidzatuluke. Mawu amenewo anafika pa lilime, ana inu, ndinawamva kulemera kwake. Koma ndinaona dzina langa m'maganizo litalembedwa pa pepala la boma, lokhala ndi chidindo, ndipo mtima unakoma.

Ndinadutsira ku sukulu masana omwewo, makina ndinali nditabweza kale, n'kuika pepala latsopano. Apa mumvetsetse, Taonga, pakuti ndi phunziro lako lomwe lija. M'chilankhulo chathu munthu amakhala m'kati mwa mneni. Ukafuna kusintha "talima" kukhala "ndalima", uyenera kuthyola liwu lenilenilo, ndipo khutu limamva kuti pathyoka kanthu. M'Chizungu munthu amaima panja. "Have cultivated" anakhala momwemo, osagwedezeka. Ndinangochotsa timawu titatu, "we" mmodzi ndi "our" awiri, n'kuikapo tina titatu. "I have cultivated my land since my mother died." Ndinachiyang'ana chiganizocho ngati mphunzitsi. Chinalibe cholakwa chilichonse. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanamuchongera ndi inki yofiira.

Ndinadziuza kuti umu ndi mmene Chizungu chimayankhulira basi, kuti mzungu sanena "our mother". Munthu ukafuna kudzinamiza, maphunziro amakuthandiza kwambiri.

Nditafika kunyumba madzulo dzuwa lisanalowe, ndinawapatsa achemwali kalata yatsopano ija, ya kaboni, kuti asunge. Anaigwira ndi manja awiri, anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Tandiwerengera, ndimve mmene zikumvekera."

Ndinawerenga m'Chizungu. Anamwetulira.

"Tsono m'chathu?"

Ana inu, apa ndi pamene ndinagwera. Za ku ofesi zija mwina munthu akhoza kunena kuti ndinakankhidwa. Apa panalibe wondikankha. Ndinayang'ana papepala polembedwa "my land", n'kunena ndi pakamwa pangapa kuti, "Ife talima munda wathu chimwalirire amayi athu."

"Eya," anatero achemwali. "Ndi momwemo." Anaipinda bwinobwino, naimanga pa chitenje.

Mapepala anatuluka patapita nthawi pamodzi ndi kalata ija, ndinawaika m'sutikesi pansi pa bedi. Palibe chinasintha. Mvula inkagwa, achemwali ankalima, thumba la mtedza linkafika. Nthawi zambiri ndinkati ndikapita ulendo uno ndikawauza, tikakonze. Ndikafika n'kuwapeza akuseka, akundiphikira nkhwani zotendera, ndinkati ndisawononge tsiku, ndidzanena ulendo wina. Zaka zoposa makumi awiri zinatha ndi ulendo wina umenewo. Ndinapuma ntchito, agogo anu aakazi anatisiya, mawondo anayamba kulira ndikamadzuka.

Amalume anu aMphatso ndiwo anawapeza mapepalawo, akufunafuna kalata yawo ya ubatizo. Nthawi imeneyo anali atazungulira mokwanira osapeza ntchito, ndipo mtima wawo unali pa kugula lole yoti azinyamulira katundu wa amalonda odutsa pa malire a dziko pa Mwami. Musawade amalume anu. Anali ndi ana awiri, ndipo m'nyumba mwawo munalibe chilichonse. Anabwera pa khonde lomwe lino, pepala lili m'manja.

"Adadi, malo awa ndi anu?"

"Ndi a azakhali ako."

"Koma apa palembedwa dzina lanu. Kalata iyinso ikuti 'my land'. Munalemba ndinu."

Ankafuna kuti tigulitse. Ndinakana ulendo woyamba. Ndinakana wachiwiri. Ulendo wachitatu anabwera ndi bambo wina wa galimoto yaikulu, woyankhula mofatsa, amene anati akufuna mbali ya kumtunda yokha, ndipo mayi wachikulireyo apitirize kulima kumunsi kwa dambo mpaka moyo wake wonse. Mphatso ankandiyang'ana ndi maso amene mwana amayang'ana nawo bambo ake. Ndinafunsa ngati lonjezo limenelo lilembedwa. Bamboyo anaseka nati pakati pa anthu aulemu mawu amakwana. Ine amene ndinkadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti pepala limadya mawu a pakamwa, ndinatenga cholembera n'kusaina. Ndinati ndipita ndekha ku Madzimoyo Loweruka ndikawafotokozere achemwali.

Anthu a bamboyo anafika Lachinayi. Anapeza achemwali akupalira mtedza ndi Enelesi, n'kuyamba kukumba maenje a mitengo ya waya pakati pa mizere, kuzungulira munda wonse mpaka ku dambo. Achemwali anathamangira m'nyumba, natulutsa kalata ya kaboni ija m'chitini mmene inakhala zaka zonsezo, kuti awaonetse kuti malowo ndi a anthu awiri. Kapitawo wa anthuwo anaiwerenga, nawamasulira pamaso pa onse.

M'mawa mwake cha m'ma leveni ndinamva kuti odi. Anali iwo, Enelesi ali pambuyo. Ndinatulutsa mpando, koma anakhala pansi, pa dothi, apo pali mtondo wa maluwawo. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino. Kenaka anamasula nsonga ya chitenje.

"Aphunzitsi, tandiwerengereniko kalata iyi."

Chibadwire changa anali asananditchulepo choncho. Kwa iwo ndinali iwe Yotamu, ngakhale pamaso pa akuluakulu a sukulu, ngakhale imvi zitamera. Mzungu ali ndi "you" mmodzi yekha, wa mwana ndi wa mfumu yemwe, ndiye sangamve zimene ndinamva ine tsiku limenelo. "Inu" ameneyo anandipweteka kuposa ndodo.

Pepalalo linali litafiira m'mapindo, zilembo zitayamba kufufutika, koma sindinkafunika kuliyang'ana. Ndinawerenga m'Chizungu.

"M'chathu," anatero.

"Ine ndalima munda wanga chimwalirire amayi anga."

Nkhuku zinkangodutsa pakati pathu. Kenaka anatambasula manja awo pa maondo, zikhato zili m'mwamba. Zinali zolimba ngati chikopa cha ng'oma.

"Munalima liti, aphunzitsi? Ndi khasu liti? Mundionetse, mwina ndinali kudwala tsiku limenelo."

"Achemwali, ndinalakwa. Ndimati ndidzakuuzani."

"Za munda zisiyeni. Dothi ndi la Mulungu, tonse tikagonamo. Ine chikundiwawa n'chakuti ndinakufunsani kuti mundiwerengere. Ndinalibe maso ena, maso anga munali inu. Amayi aja akhalanso anu nokha?"

Agogo anu amene mumawaona akukonza Chizungu cha owerenga nkhani pa wailesi, tsiku limenelo analibe liwu ngakhale limodzi, la Chizungu kapena la Chinyanja. Ndinatuma kuti abweretse madzi akumwa. Sanawalandire. Anaimirira mogwira bondo, nasiya kalatayo pansi pomwepo, n'kutuluka pa geti. Enelesi sanayankhule chilichonse kuyambira pofika mpaka pochoka, koma mmene anandiyang'anira pa geti paja ndimakumbukirabe.

Ndinayesa kubweza zinthu. Ndinapita kwa bambo uja kawiri, ulendo wachiwiri sananditsegulire n'komwe. Ndinafunsa odziwa malamulo, anandiuza kuti zonse zinayenda m'njira yake, siginecha ndi yanga, Chizungu chake n'chomveka bwino. Achemwali anakolola mtedza wa chaka chimenecho wokha, ndiwo umene analoledwa, n'kusamukira ku Mwami kumene Enelesi anapeza kachipinda. Munthu amene moyo wake wonse anadya za m'munda mwake anayamba kukhala m'mbali mwa msewu, kugulitsa mtedza wogula kwa ena, m'timapepala, kwa madalaivala a malole odikira kuwoloka. Ndinawatumizira ufa ndi shuga kangapo. Zinkabwerera momwemo, zosamasula.

Lole ija inagulidwa. Inayenda chaka chimodzi ndi miyezi, injini n'kufa. Ndi chija chili kuseri kwa nyumbachi, chopanda matayala, chimene nkhuku zimaikiramo mazira, chimene iwe Dalitso dzulo unakhalamo n'kuyamba kuliza hutala ndi pakamwa. Ndinakuona pa windo. Sindinakuletse, ulibe mlandu. Koma dziwa kuti unakhala pa munda wa agogo ako aDailesi, ndi mango ake omwe.

Achemwali anakhala ku Mwami zaka zitatu. Uthenga wa matenda awo unandipeza mochedwa, kudzera kwa mayi wina wa ku tchalitchi, osati kwa Enelesi. Ndinakwera minibasi tsiku lomwelo. Ndinawapeza atagona pa mphasa, atachepa ngati mwana. Ndinagwada pambali, n'kuwagwira dzanja. Sanalichotse. Anatsegula maso, nandizindikira.

"Mwabwera, aphunzitsi."

"Ndabwera, achemwali. Ndine Yotamu."

"Ndakuonani. Mwayenda bwanji?"

Ndinadikira masana onse kuti mwina lilime literereka, anene iwe kamodzi kokha, ngakhale mokalipa. Anandifunsa za ana, za mawondo anga, za mvula ya ku Chipata, zonse mwaulemu ngati akucheza ndi mlendo wa abusa. Anamwalira patapita masiku awiri.

Ine monga mlongo wawo ndinati maliro apite ku Madzimoyo, akagone pafupi ndi amayi. Enelesi anandiitanira pambali, ndipo aka kanali koyamba kundiyankhula chichokereni pa geti paja.

"Amalume, amayi anasiya mawu. Anati njira ya kumanda kwathu imadutsa m'mbali mwa waya uja, ndipo iwo safuna kudutsitsidwapo, ngakhale ali m'bokosi."

Tinawaika ku Mwami komweko, pakati pa anthu osawadziwa. Atandipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa banja, ndinaimirira, n'kuthokoza anthu chifukwa chobwera, n'kukhala pansi. Anthu ankayembekezera zambiri kwa mphunzitsi wopuma. Ena anati chisoni chandigwira. Chinali chisoni, inde, koma chinalinso china. Ndinkaopa kuti ndikati mlongo wanga, wina mwa anthuwo afunsa mumtima kuti "wanga" ameneyu ndi uti tsopano.

Mvula ija yayamba kuchepa. Dikirani pang'ono, ndatsala pang'ono kumaliza, kenaka mupite mukatole mango agwa.

Muli kudziwa kamunda kanga kaja ka kuseri kwa phiri, kamene ndinapeza nditapuma ntchito, kumene tinakatenga maungu chaka chatha. N'kakang'ono, sikafika ngakhale theka la munda uja, ndipo kalibe dambo. Chaka chino ndayenda m'maofesi ndi ndodo yangayi mpaka ndasintha mapepala ake. Tsopano ali m'dzina la Enelesi, azakhali anu. Amalume anu anakwiya, amayi anu anangoti zili kwa inu adadi. Ndikukuuzani inu kuti mawa ndikadzapita musadzamve kwa wina kuti agogo anakulandani. Kanali koti kadzakhale kanu, n'zoona. Ndakapereka.

Mwezi watha ndinapita nawo mapepalawo ku Mwami. Ndinamupeza Enelesi pamalo pomwe ankakhala amayi ake, pakati pa malole, utsi ndi fumbi zili koboo, akukazinga zitumbuwa. Nayenso imvi zayamba. Anandipatsa kabenchi, nandipatsa moni, n'kupitiriza kutembenuza zitumbuwa zake. Ndinafotokoza zonse, n'kumupatsa envulopu. Anapukuta manja pa chitenje, anaitsegula, nayang'ana mapepalawo nthawi yaitali. Iye sukulu sanapite nayo patali, ndipo chimenechonso ndikanatha kuchikonza kalelo ndikanafuna.

"Amalume, zalembedwa m'chilankhulo chanji?"

"M'Chizungu, mwananga. Mapepala a boma amakhala choncho. Bwera nawo ndikuwerengere."

Anawabweza m'envulopu muja, naipinda, n'kuilowetsa m'kati mwa bulauzi.

"Ayi, musavutike. Ndipeza wina wondiwerengera."

Ndinakhala pa kabenchi paja kanthawi, kenaka ndinatsanzika. Anandikulungira zitumbuwa ziwiri za panjira.

Mpaka lero sanabwere, sanatumizenso mawu. Mvula yagwa, anthu adzala, kamundako kangomera udzu, ndipo ine sindikupondako, si kanga. Mwina sanapezebe womuwerengera amene angamukhulupirire. Mwina anamupeza, koma sakufuna. Sindikudziwa.

Tsono ana inu, masiku amene mukhale panowa, mukamasewera kutsogoloku muziyang'ana ku geti. Mukaona mayi wamfupi, woyenda mofulumira, ataima panja osagogoda, musamufunse kuti mukufuna ndani, ndipo musamuyankhule Chizungu chanucho. Mumutsegulire, mumulandire chimene wanyamula, wina athamange adzandiitane. Ngakhale mutandipeza ndagona, mundidzutse.